Mwala Umayenda Choyimirira

Amuna anga, bambo a Esinati, anafera pansi pa mgodi ku Joni, ndipo anawaika komweko. Kwathu m'chigwa cha Bwanje kunangobwera kalata, bokosi lachitsulo ndi bulangete limene ankafunda. Bulangetelo ndi limene tinakwirira kumanda kuti pakhale poloza. Koma mtumbira wopanda munthu suchedwa kutitimira. Patapita zaka khumi ndi ziwiri, ngakhale ine mwini ndinayamba kusokoneza malowo ndi manda a khanda lina loyandikana nawo, ndipo zinandichititsa manyazi kwambiri. Ndinalumbira kuti ndiwaikira chiliza cha mwala weniweni, osati cha njerwa zopaka simenti zimene zimang'aluka ndi mvula ziwiri. Ndinalima mpunga m'dambo zaka zitatu ndi cholinga chimenecho, osagula ngakhale mpango watsopano.

Mwalawo anatisemera ku Limbe. Uthenga utafika woti watha, tinauza achibale onse, a ku Lizulu ndi a ku Dedza omwe, kuti abwere Loweruka tidzauimike. Chimera chinali chitaperedwa kale, ovina ngoma atauzidwa. Ine ndinanyamuka kukautenga pamodzi ndi alamu anga a Yotamu, mng'ono wawo wa malemu, amenenso anagwirapo ntchito ku migodi n'kubwerako ndi chipewa, chifuwa chosatha ndi Chingelezi chimene ankachitulutsa ngakhale pogula tomato. Popita tinakwera sitima, ndipo palibe chosimba. Pobwera sitima sikanatithandiza, chifukwa katundu wolemera ankamuika m'ngolo ina yochedwa, pamene ife tinali ndi masiku atatu okha. Tinagwirizana zodzera pamsewu mpaka pa Boma la Ntcheu, pamene Che Amidu, mwini sitolo amene ankagula mpunga wanga, anatilonjeza simenti ndi malo pa lole yawo yotsikira ku Kasinje Lachisanu.

Mmisiri wake anali a Zuze, bambo wamfupi wa manja okhakhala, wochokera ku Angoniya, tsidya la malire. Chinenero chathu ankachilankhula bwinobwino, kungoti mawu a ntchito yawo onse anali a Chipwitikizi, pakuti ntchitoyo anaiphunzira kwa Mpwitikizi wina ku Beira nkhondo isanawabalalitse. Anachotsa chiguduli chimene anafunditsa mwalawo. Unali wakuda, wosalala moti ndinadziona nkhope, wofika m'chifuwa mwangamu, koma kuchindikala kwake zala zitatu zokha. Sukulu ndinalekera panjira, komabe dzina la amuna anga lakuti Lameki ndimalidziwa ngakhale litalembedwa chozondoka. Ndinaliyendetsa chala kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

"Mayi," anatero a Zuze, "zonse zimene ndinganene muiwale, koma ichi chokha mugwire. Mwala uwu umayenda choyimirira. Osaugoneka."

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Ukagona, pakati pake pamatsala m'malere. Galimoto ikadumpha, thabwa limawerama n'kubwerera. Mwala sudziwa kuwerama."

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. "Afundi, musaopseze alamu angawa. Ine ndatha zaka zisanu ndi chimodzi ndikulimbana ndi mwala. Uwu ndi giranaiti. Azungu amati hadi, wolimba. Jombolo zachitsulo zoboolera tinkathyola pa mwala wotere, ndiye uopenji chigwembe cha pamsewu?"

"Ife timati duru," anayankha a Zuze mosapsa mtima. "Duru ndi chinthu choti mpeni sungachikande. Koma pali mawu enanso, furajili. Galasi ndi duru, koma ligwetseni muone. Chinthu chingathe kukhala zonse ziwiri, achimwene."

Mwamwayi a Zuze nawonso anali ndi ulendo wolowera komweko. Anali atamva kuti anthu a m'mudzi mwawo athawira ku Biriwiri, kumtunda kwa Boma, ndipo ankafuna kukafufuza mkazi wawo ndi ana atatu. Choncho Lachitatu m'mawa tinakwera tonse lole ya shuga yopita ku Balaka. Dalaivala anauzungulira mwalawo, n'kuukankha ndi bondo, n'kunena kuti ulipira ngati anthu awiri. Alamu anayamba mlandu, amvekere mwala sudya, sulankhula, supempha kuima kuti ukataye madzi. Ine ndinawagwira mkono. Kunena zoona ndinakondwa mumtima kuti papezeka munthu wowawerengera bambo a Esinati m'gulu la okwera.

Koma chimwemwecho sichinakhalitse. A Zuze anayala zidutswa za tayala lakutha, n'kuimika mwalawo m'mbali, kuutsamiritsa ku zitsulo za kuseri kwa dalaivala. Kenaka anatenga zingwe n'kuumanga mopingasa, kumtunda ndi kumunsi, akukoka ndi mphamvu zawo zonse. Chingwe chimodzi chinadutsa pa dzina penipeni. Ndinayang'ana kumbali. Mmene unkaonekera, unali ngati wakuba amene am'gwira pamsika akudikira apolisi. Ndinawasiya amange, pakuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma mtima unandiwawa kuyambira pomwepo.

Tisanafike pa Namadzi tayala linaphulika. Lina losinthira linalipo, koma lopanda mpweya, ndipo pampu inali itatsala ku Limbe. Dalaivala anaimitsa galimoto ina n'kupita ndi tayalalo ku Zomba, kutisiya padzuwa la mwezi wa Okutobala. Tinalipo ngati asanu ndi atatu: ife, mphunzitsi wina wa wailesi m'manja, mayi wa dengu la nkhuku, ndi ena amene nkhope zawo ndinaiwala. Onse anatsika kukabisala pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinatsala pamwamba. Mwala wakuda umamwa dzuwa moti sungaukhudze, ndiye ndinatambasula ambulera yanga n'kuutchingira. Ndinamva mayi wa nkhuku uja akunong'oneza mnzake, onse n'kuseka. Ndinawasiya aseke, amuna awo anali amoyo.

Pansi pa mangowo alamu ndi a Zuze anayambitsa mpikisano wotayitsa nthawi. Mmodzi ankaloza chinthu, aliyense n'kutchula m'chinenero cha mzungu wake, mphunzitsi uja ali woweruza ngakhale Chipwitikizi sankachidziwa. Analoza chitsulo cha lole.

"Feru," anatero a Zuze.

"Ayironi. Koma chikakhala cholimba zedi ndi sitilo. Mwaona, ife tili ndi awiri!"

"Ifenso. Asu."

Analoza thabwa: a Zuze anati madera, alamu anati timba. Analoza mlatho: wina simenti, wina simentu, ndipo onse anafa nazo kuseka, alamu amvekere apa ndiye Mngelezi ndi Mpwitikizi anadyera mbale imodzi. Ndinamwetulira nanenso, chifukwa alamu anga akamatsutsana khosi limatalika ngati la tambala. Kenaka a Zuze anatola mwala wa m'mbali mwa msewu.

"Pedura."

Alamu anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mphunzitsi anawathandiza kuti sitoni. Iwo anapukusa mutu. "Pansi paja sitinkati sitoni. Tinkati roko." Anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati, ndipo mpikisano unathera pomwepo.

Patapita kanthawi anakwera pa lole n'kukhala pafupi nane pa thumba la shuga. Zaka zonsezo ndinali ndisanawafunse mmene akulu awo anafera, iwonso anali asanandiuze. Tsiku limenelo ndinawafunsa.

"Alamu," anatero, "mtengo wochirikiza denga la mgodi ukafuna kuthyoka umalira kaye, anthu n'kuthawa. Koma pamene ankagwira achimwene panalibe mtengo. Kapitawo anagogoda denga n'kunena kuti ndi solidi, ndiye kuti lolimba lokhalokha, losafuna mzati. Mwala sulira. Umangobwera." Anatsokomola nthawi yaitali. "Mawu aja akunena afundiwa, furajili, pa Chingelezi aliponso. Ndawakumbukira tsopano. Britolo. Mzungu wina anawanena tsiku lotsatira, akuyang'ana denga lija."

"Nanga pamanda pawo munafikapo?"

"Ndinafikapo. Pali kachitsulo kolembedwa nambala. Dzina palibe."

Ndinayang'ana mwala uli chilili m'zingwe zake. Ndiye kuti padziko lonse lapansi malo okhawo pamene panalembedwa dzina la amuna anga anali amenewa. Ndinasendeza ambulera kuti mthunzi ufike bwino.

Tayala linabwera dzuwa litapendeka. Pa Zomba sitinaime. Pa Liwonde, pa mlatho wa Shire, apolisi anatitsitsa tonse n'kusanthula katundu, ndipo a Zuze anawafunsa mafunso ambiri chifukwa cha mapepala awo a tsidya lija. Wapolisi mmodzi anagogoda mwalawo ndi ndodo, kufuna kumva ngati muli kanthu m'kati. Kugogoda kulikonse ndinkakumva m'mano. Tinafika pa Balaka kukuda, tinagona pakhonde la sitolo, mwala utatsamira khoma pakati pa ine ndi alamu.

M'mawa mwake, tikudikira galimoto, anatipeza anyamata a chipani ofunsa makhadi, monga zinkakhalira masiku amenewo pamsika ndi pokwerera basi paliponse. Tinaonetsa athu. Mmodzi wa iwo, wamng'ono woti ndikanam'bereka ine, anawerenga dzina pamwalapo n'kufunsa moseka, "Nanga a Lamekiwa, lawo lili kuti?" Mawu anafika pakamwa panga, otentha ndithu. Alamu anandiponda chala cha kuphazi mwamphamvu moti chikhadabo chinada. Ndinameza mawuwo, ndipo anyamatawo anapitirira kukavutitsa ogulitsa nthochi.

Tinakhala pa Balaka mpaka dzuwa kufika pamutu. Mabasi awiri anatikana. Pamapeto pake tinapeza lole yopanda katundu yopita ku Lizulu kukatenga mbatatesi, ndipo chifukwa inali yopanda kanthu inanyamula aliyense woimika dzanja. Apa ndi pamene ndinaonera zinthu. Pa Chingeni anakwera bambo wina ataledzera, n'kuvula jekete lake n'kulikoleka pamutu pa mwala ngati ndi msomali wa m'nyumba mwake. Ndinalichotsa. Patsogolo pang'ono anthu ena anakweza mbuzi, n'kuimangirira ku chingwe chomwecho cha mwala, ndipo tisanafike pa Nsipe inali itakodzera m'munsi mwake. Wina anatsamirapo msana akudya mzimbe, makoko n'kumalavulira pomwepo. Woledzera uja atakwezapo phazi kuti amange chingwe cha nsapato, ndinaphulika.

"Chotsani phazi lanulo! Kodi kwanu akufa mumawaponda?"

"Pepani mayi, ndimayesa mwala."

"Ndi mwala kwa inu!"

A Zuze anang'amba kansalu, n'kupukuta mkodzo wa mbuzi uja ndi manja awo. Koma atatha anayesanso zingwe ngati zili zolimba, n'kukokanso chimodzi. Ndinawada nthawi imeneyo, ngakhale ndinkadziwa kuti akundichitira zabwino.

Pa Boma tinafika Lachinayi masana. Che Amidu anatilandira ndi tiyi wa mkaka ndi mandasi, n'kulamula kuti mwalawo ausunge m'chipinda cha katundu. A Zuze anapita kumsika kukafunsa za anthu akwawo, ndipo anabwerako nkhope itagwa. Anapeza munthu wa m'mudzi mwawo amene anawauza kuti mkazi wawo anamuona ku Biriwiri ali ndi ana awiri.

"Awiri," anatero a Zuze. "Sanadziwe kuti ndi ati."

Sanafune ngakhale kumaliza tiyi. Komabe asananyamuke anatengera alamu kuchipinda kuja n'kuwaonetsa kamangidwe ka mfundo, kawiri konse. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Mayi, ndaona kuti zingwezi zikukupwetekani. Pirirani tsiku limodzi lokha. Msewu wotsikira kuchigwa ndi woipa kuposa yonse tadutsayi. Akakafika adzaima zaka zambiri popanda chingwe."

Ndinavomera ndi mutu. Ndinawapatsa kathumba ka mpunga kamene ndinasungira Che Amidu, ndipo anakwera njinga ya munthu wina kulowera kumtunda. Sindinawaonenso, ndipo mpaka lero sindidziwa kuti mwana amene anasowa anali uti.

Lachisanu m'mawa lole ya Che Amidu inapakira mchere, migolo ya parafini ndi matumba athu a simenti. Amuna anayi anatulutsa mwala, alamu ali patsogolo ndi zingwe paphewa. Ine ndinali nditagula kale nsalu yoyera m'sitolomo, ndi mphasa yatsopano kumsika.

"Zingwezo ikani pansi, alamu," ndinatero.

"Mwati bwanji?"

"Dzana ndi dzulo tinali m'dziko la eni, ndinapirira. Lero akulu anu akulowa kwawo. Munamuona ndani womwalira akulowa m'mudzi mwake ali chilili, atamangidwa ngati mbuzi? Anthu akatiyang'ana adzati chiyani? Agona pamphasa, monga agonera anzawo onse."

"Koma afundi aja anati..."

"Afundi aja amadziwa za miyala. Za amuna anga ndidziwa ndine."

Alamu anayang'ana Che Amidu kufuna thandizo. Che Amidu anakanda ndevu. "Kwathunso maliro timanyamula chogona, mayi akunena zoona. Koma mawu a mmisiri ndi mawu a mmisiri. Ine sindilowererapo."

Alamu anaima kanthawi, zingwe zili m'manja. Ndikudziwa kuti akanalimbikira ndikanagonja, ndipo iwonso anadziwa zimenezo moyo wawo wonse. Koma anali atatopa ndi kuona akulu awo akukodzeredwa ndi mbuzi, ndiponso m'mutu mwawo munali mukadali mawu aja a ku mgodi akuti mwala ndi wolimba. Anaumenya mwalawo ndi chikhatho. "Giranaiti iyi," anatero motsitsa mawu. "Tiyenda pang'onopang'ono." Anaponya zingwezo pakona.

Ndinayala mphasa pakati pa lole, amuna aja n'kuugoneka chagada, mutu utaloza kumene tinkapita. Pamenepo ndinachita chinthu chimene mkazi aliyense wa kwathu akanachita. Ndinaona mutu uli pa zitsulo zouma, ndinatenga bulangete langa, n'kulipinda kanayi, n'kuwapempha anyamule pang'ono kuti nditsamiritse. Mutu unakwera, kumiyendo kunatsala pansi, pakati ponse n'kukhala m'malere moti dzanja langa linkalowa. Ndinaliona dzanjalo likulowa. Sindinaganize kanthu. Ndinafunditsa nsalu yoyera, n'kupinda m'mbali mwake bwinobwino, n'kukhala pansi chakumutu.

Ndisaname, ola loyamba la ulendo umenewo linali lokoma kuposa masiku onse a zaka khumi ndi zisanu zija. Anthu amene tinkakumana nawo pamsewu, akaona nsalu yoyera ndi ine nditakhala chakumutu, ankatsika panjinga, amuna n'kuvula zipewa. Amayi ena amene ankachokera kumadzi anatula ndowa n'kugwada m'mbali mwa msewu. Pa Kandeu tinaima kutsitsa mchere, ndipo palibe anakoleka jekete kapena kulavula mzimbe. Okwera atsopano anakhala kutali, mawondo pamodzi, akulankhula monong'ona. Ndinayang'ana alamu monyadira, ngati kunena kuti mwaona? Iwo anali akupukuta m'maso ndi chipewa. Ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, dzanja langa lili pa nsalu, ndipo ndinkamva ngati ndikubwera nawo kuchokera ku Joni komwe.

Kenaka msewu unayamba kutsika. Amene anadutsapo masiku amenewo akudziwa: miyala yokhayokha, ngalande zokumbidwa ndi mvula, kukhota kosatha, chigwa chikuoneka pansi potero chili mbuu ndi kutentha. Dalaivala anayesetsa, sindingamunamizire. Ankayenda ngati akuponda mazira, mabuleki akulira. Alamu anagwada chakumiyendo atagwira mwala ndi manja awiri. Tinatsika chitunda choyamba, chachiwiri, chachitatu. Nditaona milambe ndinadziwa kuti tatsala pang'ono, ndipo ndinapuma.

Kumunsi kwenikweni kuli kamtsinje kouma kopanda mlatho. Matayala akutsogolo anatsikamo bwino. Akumbuyo anagweramo nthawi imodzi, migolo ya parafini n'kugundana, anthu n'kukuwa. M'phokoso lonselo ine ndinamva kaphokoso kena kakang'ono, ngati munthu waponda phesi louma. Sindinakamve ndi makutu okha. Kanadutsa m'dzanja langa.

Palibe wina anamva. Alamu anafunsa ngati ndili bwino, ndinati eya. Lole inakwera tsidya lina n'kupitirira. Dzanja langa linali pomwepo, ndipo galimoto ikagwedezeka ndinkamva kumutu kukuyenda pakokha, kumiyendo pakokha. Ndinakanikiza mwamphamvu ngati ndingazigwirizanitse. Ndinapemphera kuti Mulungu achite chinthu chimodzi chokha chaching'ono, ndipo sindidzamupemphanso china. Ndinayenda choncho mtunda wonse mpaka mudzi woyamba wa m'chigwa, osauza munthu.

Pamudzipo injini inatentha, dalaivala n'kuima pansi pa mlambe kuti apemphe madzi. Okwera anatsika kukawongola miyendo. Alamu anandiyang'ana nkhope, n'kuyang'ana dzanja langa.

"Alamu, chotsani dzanja."

Ndinakana.

"Nangozo, chotsani dzanja." Anali asananditchulepo ndi mfunda wanga chikwatiwire.

Anakweza nsalu. Mng'alu unayambira kumanzere, n'kutsika chopendekera, kudutsa pakati pa dzina, kukatulukira kumanja. Unali woongoka bwino, woyera m'kati, ngati wochita kudula ndi mpeni. Zidutswa ziwiri, ndipo pakati pake pankaoneka mphasa yanga yatsopano.

Alamu sanandikalipire. Ndikanakonda akanatero. Anangokhala pansi pa thumba la simenti n'kunena kuti, "Achimwene, pepani. Kawiri konse."

Mwalawo tinauimikabe Loweruka. Alamu anaulumikiza ndi simenti ndi tizitsulo kumbuyo, anthu anamwa masese, ngoma inavinidwa, ndipo mzerewo ukuoneka mpaka lero, moti ana a Esinati powerenga dzina la agogo awo amadumpha pakati. Palibe wachibale anandifunsa kuti zinatani, ngakhale onse anamva. Mawu a akulu akoma akagonera, koma kukoma kwake n'kowawa ukakhala kuti wolakwa ndiwe ndipo wopepesa kwa iye kulibe. Za Lowerukalo ndimakumbuka zochepa. Chimene ndimakumbuka ndi cha pansi pa mlambe paja.

Kalata ija itabwera zaka zonsezo m'mbuyomo, ine sindinalire. Ndinayesa, koma bulangete ungalilire bwanji? Ndinakhala m'nyumba ya maliro maso ali gwa, ndipo apongozi anga anamwalira akunena kuti ndine wouma mtima. Koma nditaona mphasa pakati pa zidutswa ziwirizo, china chake chinatuluka m'mimba mwanga chimene sindinachiitane. Ndinalira mokweza, kulira kwa maliro kwenikweni, manja kumutu, ndikuitana dzina lawo limene mkazi satchula pagulu. Ndinawafunsa chifukwa chimene anandisiyira mwana ali m'mimba. Ndinawauza kuti ndine ndawathyola, ine ndemwe, ndi bulangete langa.

Mudziwo sunali wathu, ndipo panalibe wotidziwa. Koma amayi amene anali pamjigo atamva kulirako, n'kuona lole, mphasa ndi nsalu yoyera imene alamu anali atabwezeretsa, anasiya ndowa zawo. Anabwera akumanga zitenje m'chiuno, n'kukwera pa lole mmodzimmodzi, n'kukhala mondizungulira, n'kuyamba kulira nane. Ena anatuluka m'nyumba. Amuna anasonkhana patali pang'ono, zipewa m'manja, alamu ali pakati pawo akusisima ngati mwana. Bambo wina anathyola nthambi zamasamba n'kuziika pamsewu, uku ndi uku, kuti odutsa adziwe kuti pali zovuta. Dalaivala anabwera ndi madzi ake, anaona, n'kuika chigubu pansi osathira.

Mayi wina wachikulire ndi amene anandigwira mapewa. Kulira kutatsika pang'ono, anatambasula dzanja n'kukweza ngodya ya nsalu kuti aone nkhope ya womwalira, monga timachitira. Anaona mwala. Anauyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana mng'alu, anayang'ana bulangete lopindidwa kumutu. Ndinadikira kuti aseke, kapena auze anzake kuti tawapusitsa. Iwo anabwezeretsa nsaluyo mosamala, n'kuipinda m'mbali mmene ndinaipindira ine.

"Ndi amuna anu?"

"Eya, amayi."

"Atisiya liti?"

Alamu anali atafika m'mbali mwa lole. "Amayi, mutikhululukire, nkhaniyi ndi yakale. Akuluwa anamwalira ku Joni, papita zaka..."

"Lero," ndinatero ine. "Pa kamtsinje kouma paja."

Mayiwo anagwedeza mutu. Anatembenukira kwa mtsikana amene anali kumbuyo kwawo n'kumuuza kuti akatunge madzi akumwa, ndipo auze ena apalire moto, chifukwa anamfedwa sangapitirire ulendo opanda kanthu m'mimba.